Nkhuku za Khirisimasi zinandidyera mpamba

Funso: Chaka chatha ndinaweta nkhuku za nyama 100 kuti ndigulitse pa Khirisimasi. Pofika sabata yachisanu ndalama za chakudya zinatha, ndipo mavenda anadzazitenga pamtengo wolira. Ndinalakwitsa pati? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Mayi, vuto linayamba tsiku lomwe munagula anapiye musanawerengere matumba a chakudya. Nkhuku 100 zimafuna matumba 8 kapena 9 a makilogalamu 50 kuti zikwane milungu 6, kuphatikiza sitata (chakudya choyambira anapiye), gulowa (chokulitsira) ndi finisha (chomalizira). Chomwe chimapusitsa ambiri n'chakuti sabata yoyamba anapiye satsiriza ndi thumba limodzi lomwe, munthu n'kumati zikuyenda. Koma pafupifupi theka la chakudya chonse chimadyedwa m'milungu iwiri yomaliza, pomwe thumba limatha m'masiku atatu. Venda akasuzumira m'khola n'kuona zodyeramo zili mbee, amadziwa kuti mtengo atchula ndi iyeyo.

Ndiye werengani chobwerera m'mbuyo. Ngati mukufuna kuyamba kugulitsa pa 20 Disembala, anapiye alowe m'khola pa 8 Novembala, ndipo oda yake muperekeretu mu Okutobala chifukwa nyengo imeneyi aliyense amakhala akuwafuna. Musanapereke odayo, lembani m'kope mtengo wa matumba onse, katemera wa matenda a chitopa ndi gumboro, utuchi, mayendedwe ndi makala a mbaula yofunditsira anapiye magetsi akathima. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo 10, poti mtengo wa chakudya suchedwa kukwera. Phindu muliwerengere pa nkhuku 95, zina zimafa ndithu. Ndalama zikakwanira nkhuku 60 zokha, wetani 60 zomwezo.

Ndalama za finisha zikhale pazokha, pomwe maliro kapena fizi sizingazifikire msanga. Kugula matumba onse kamodzi sitikulimbikitsa kwenikweni, chifukwa mvula ikayamba chakudya chimachita nkhungu, makamaka chikakhala pasimenti popanda matabwa pansi.

Novembala ndi wotentha, choncho musapyole nkhuku 10 pa sikweya mita imodzi, ndipo madzi asamaphwe m'zomweramo. Za masiku a katemera funsani alangizi a ziweto.

Ogula muwasake nkhuku zili ndi milungu itatu: a malesitilanti, okazinga tchipisi, amayi a kutchalitchi, magulu a pa WhatsApp. Amene watsimikiza apereke kachikole, mumulembe m'kope ndi tsiku lodzatenga. Nkhuku yotsala pa 27 Disembala imakhala ikudyabe, ogula atamwazikana.