Kuyatsa giza ndi foni muli kutali: yankho kwa bambo wa kwa Kamwendo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene kwawo ndi kwa Kamwendo ku Mchinji koma amagwira ntchito ku Lilongwe. Kumudzi amapitako Lachisanu madzulo. Kunyumbako kuli giza ya malita 150, ya 3 kW. Akaisiya yoyaka sabata yonse mayunitsi sachedwa kutha, koma akaizimitsa amafika usiku n'kupeza madzi ali zii, makamaka mu Juni ndi Julaye mwera ukamawomba. Agula kapulagi koyatsira pa foni kolembedwa 16A, ndipo akufunsa ngati angalumikizepo gizayo. Afunsanso ngati angamayatsenso pa foni hita ya m'chipinda cha amayi awo okalamba.

Bambo, zikomo kwambiri polemba musanalumikize. Zimene mukufunazo n'zotheka ndithu, koma chonde giza musaiike pa kapulagi kameneko.

Tiwerengere limodzi. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba mwathu pa ma volt 230. Mukagawa ma watt 3000 ndi 230, mupeza kuti giza yanu imakoka ma amp 13. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno fyuzi yake yaikulu kwambiri ndi ya 13A, kutanthauza kuti gizayo ili m'malire enieni a pulagi ndi soketi. Mwina munena kuti ketulo nayonso imakoka kwambiri koma sichitika kanthu. Inde, koma ketulo imawira m'mphindi zochepa n'kuzima. Kuti malita 150 atenthe kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 pamafunika mayunitsi pafupifupi 7, ndipo elementi ya 3 kW, chitsulo chotenthetsa madzi m'gizamo, imatenga maola awiri ndi mphindi ngati 20 ikukoka osapuma. Chimene chimapha zipangizo ndi kutalika kwa nthawiko.

M'kati mwa kapulagi kanu muli kaswichi kotchedwa relay, ndipo timilomo take tachitsulo togundana n'tating'ono ngati njere za mapira. Nthawi iliyonse tikalekana magetsi akuyenda pamatuluka kamoto. Pang'ono ndi pang'ono timilomoto timada n'kukumbika, magetsi amayamba kudutsa movutikira, ndipo pamene akudutsa movutikira m'pamene pamatentha. Mapeto ake ndi awiri: pulasitiki isungunuka, kapena timilomo timamatirana ngati tawotcheredwa. Chachiwirichi ndicho chimandiopsa kwambiri, chifukwa foni imakuuzani kuti mwazimitsa pamene giza ikuyakabe. Ndinaitanidwapo pa nyumba ina yogona alendo kuno ku Kasungu kumene anachita zomwe mukuganizazi. Soketi ndinaipeza itabiriwira, waya wofiira kumbuyo kwake khungu litauma n'kumayoyoka m'manja. Fungo analimva ndi mtsikana wokonza m'zipinda, ndiye anapulumutsa nyumbayo.

Njira yoyenera ndi kugawa ntchito. Kaswichi ka pa foni kakhale kapitawo wolamula, katundu asenze wina. Wosenzayo ndi contactor, swichi yaikulu imene imakhala m'bokosi la mabureka. M'kati mwake muli koyilo imene ikalandira magetsi ochepa chabe imasanduka maginito n'kukoka milomo ikuluikulu, ndipo milomo imeneyo ndi imene imapereka magetsi ku giza. Mukadina pa foni, kaswichi kaja, kaya ndi ka mtundu wa Sonoff kaya wa Shelly, kamangopatsa moto koyiloyo basi. Ma amp 13 aja sakadutsa n'komwe, motero sikatentha ndipo kamakhalitsa.

Pogula, funsani contactor ya 25A, ya milomo iwiri kuti izidula waya wamoto ndi wa neutral pamodzi, koyilo yake ikhale ya 230V. Onani pambali pake ngati palembedwa AC-1 kapena AC-7a, chifukwa nambala ya ma amp imene ili pamenepo ndi yomwe imanena za zotenthetsa ngati giza. Ngati mupeza yokhala ndi kandodo koyatsira pamanja, tengani imeneyo, kuti tsiku limene intaneti yavuta a kunyumba asasowe madzi otentha. Alipo maswichi a pa foni a 20A opangidwira giza, ndipo enieni amagwira ntchito. Ine ndimakondabe contactor, chifukwa pa msika zolembedwa pa katoni sizifanana nthawi zonse ndi za m'kati, komanso china chikafa mumangosintha chomwecho.

Giza ikhale ndi bureka yakeyake ya 20A, waya wosachepera 2.5 mm², waya wa earth wolumikizidwa bwino, ndi chodula magetsi akamathawira pansi cha 30 mA. Masikuluu onse amangidwe zolimba, pakuti moto wambiri wa magetsi umayambira pa waya wogwedera. Pafupi ndi giza pakhale swichi ya pamanja yodula mawaya onse awiri. Ichi musachione chopepuka. Taganizani mmisiri watsegula giza kwa Kamwendo poona kuti yazima, inu ku Lilongwe osadziwa n'kudina foni. Aliyense wogwira giza ayambe wazimitsa swichi ya pamanjayo. Ntchito yonseyi ipatseni mmisiri amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo musachite manyazi kumupempha kuti akuonetseni.

Thermostat ya m'giza isachotsedwe kapena kulumphidwa, zivute zitani. Foni imangolola magetsi kupita, koma wodziwa kuti madzi atentha mokwanira ndi thermostat. Ikhale pa madigiri 60. Madzi ofunda okhalitsa amaswetsa tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo, ndipo anu azikhala sabata yathunthu osagwiritsidwa ntchito, ndiye aziyamba atentha mpaka pamenepo musanasambe. Chinanso, elementi ikayaka m'giza mopanda madzi imapsa m'kanthawi kochepa. Ngati kwanuko madzi amadukiza kapena thanki imauma, yambani mwaimbira foni a kunyumba atsegule mpope wa madzi otentha aone ngati akutuluka.

Magetsi kuno amazimazima, tonse tikudziwa. M'pulogalamu ya kaswichiko muli poti musankhe chimene kachite magetsi akabwerera. Sankhani kuti kazikhala kozima. Ikaninso kuti kazizima kokha pakatha maola atatu, kuti mukaiwala kapena netiweki ikathawa giza isachezere.

Tsopano ndikuuzeni zimene ndikanachita ndikanakhala inu. Maswichi a WiFi ambiri amafuna netiweki ya 2.4 GHz, choncho rauta kapena MiFi iyenera kukhala yoyaka sabata yonse ili ndi bando, ndipo imeneyo ndi ndalama mwezi ndi mwezi. Pali maswichi ena olowetsa SIM kadi ya Airtel kapena TNM, amene mumangowatumizira uthenga. Koma poti tsiku lanu lofikira ndi lodziwika, chowerengera nthawi cha sabata, chokhala ndi batire losunga nthawi magetsi akazima, chingakukwanireni. Muchitchera kuti Lachisanu 3 koloko masana chiyatse contactor, 6 koloko chizimitse. Sichifuna bando, sichifuna netiweki. Foni ikhale ya amene maulendo awo sadziwika.

Za hita ya amayi, pepani, apa ndikukana. Giza ndi chitsulo chotsekedwa, chodzaza madzi, chokhala pamalo amodzi. Hita ya mipiringidzo yofiira ija ili poyera, ndipo inu muli pa mtunda wa makilomita ambirimbiri simungaone kuti wina wayanikapo chitenje, kapena neti ya udzudzu yagwera pomwepo, kapena mdzukulu waisunthira pafupi ndi matiresi. Ndikumva kuti mukuwadera nkhawa amayi ndi chisanu cha ku Mchinji, ndipo mukuchita bwino. Agulireni hita ya mafuta m'kati, yokhala ndi thermostat komanso yozima yokha ikagwa. Ilowe pa soketi ya pakhoma mwachindunji, osati pa ekisitenshoni, italikirane ndi zofunda, ndipo aziiyatsa ndi munthu amene ali m'nyumbamo. Muwachenjezenso kuti magetsi akazima asalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake umapha munthu ali m'tulo.

Mmisiri akamaliza, mupempheni ayatse giza kwa ola lathunthu muli pomwepo, kenako azimitse bureka yaikulu n'kukhudza contactor ndi mawaya ake. Kufunda pang'ono si vuto, koma pakapezeka potentha moti chala sichingakhalepo, amangenso asanachoke.