Chiuno chikuchepa koma sikelo yangoima: ndikulakwitsa pati?

FUNSO

Anti, ndine mayi wa zaka 38, wa ana atatu. Patha masabata 10 chiyambire kusamala kadyedwe ndi kuchita masewera olimbitsa thupi. Ndimayenda ndawala mphindi 40 m'mawa kanayi pa sabata, ndipo kawiri pa sabata ndimanyamula zitsulo zopepukirako. Zakumwa zotsekemera ndinasiyiratu, chakudya cha m'mbale ndinachepetsa, zokazinga ndimangolawa mwa apo ndi apo. Poyamba ndinkalemera makilogalamu 84. Lero ndakwera sikelo, yaonetsa 83. Kilogalamu imodzi yokha, Anti, pa thukuta lonseli! Chondizunguza mutu n'chakuti chiuno chinali masentimita 98, pano chili 91. Siketi imene inkakana kutseka zipi pano ikungozungulira m'chiuno, moti ndakaisiya kwa telala kuti aibweze. Msinkhu wanga ndi masentimita 162. Alamu anga akuti ndikungotaya nthawi, iwo anatsika makilogalamu 5 pa masabata awiri okha atasiya kudya madzulo n'kumamwa tiyi wochepetsa thupi. Kodi nanenso nditero? Kapena sikelo yangayi ndi yakufa?

Mayi wogwa mphwayi

YANKHO

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi kukuletsani: chakudya chamadzulo musasiye, ndipo tiyiyo musagule. Zimene mwalembazi ndi nkhani yabwino kwambiri, kungoti mwakhala mukufunsa mboni imene sinaone zonse.

Sikelo yanu ili bwinobwino, vuto lake n'lakuti sisankha. Mukaimapo imaphatikiza mafupa, magazi, minofu, mafuta, madzi amene mwamwa, ngakhalenso chakudya cha dzulo chimene chikadali m'matumbo, n'kukupatsani nambala imodzi. Pafupifupi theka la thupi la munthu wamkulu, kwa ena kupitirirapo, ndi madzi, ndipo madziwo sakhazikika. Munthu mmodzi yemweyo angasiyane ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pakati pa m'mawa ndi madzulo, mafuta ake asanasinthe ngakhale pang'ono. Tsono masentimita 7 amene achoka m'chiuno mwanuwo sangachoke popanda chinachake kuchoka. Telala wanu sakubweza siketi ya maloto.

Anthu ambiri adzakuuzani kuti mafuta anu asanduka minofu. Mawuwo ndi okoma kumva koma si oona. Mafuta ndi mafuta, minofu ndi minofu, china sichisanduka chinzake. Chimene chimachitika n'chakuti mafuta amachepa kwinaku minofu ikuwonjezeka, ndipo ziwirizi sizitenga malo ofanana. Kilogalamu imodzi ya mafuta imadzaza malo opitirira pang'ono lita imodzi, pafupifupi malita 1.1, pamene kilogalamu imodzi ya minofu siifika n'komwe lita yathunthu, imathera cha pa 0.94. Kusiyanaku si kwakukulu monga mmene zithunzi za pa intaneti zimaonetsera, koma kulipo. Chachikulu ndi malo amene chilichonse chimakhala. Minofu yatsopano imamwazikana m'ntchafu, m'matako, kumsana ndi m'mapewa, moti tepi yoyezera chiuno siiona kwenikweni. Mafuta ochoka pamimba amachoka pamalo amodzi, pomwe pamadutsa tepi ndi lamba.

Komabe ndisakunamizeni kuti mwamanga minofu ya makilogalamu ambiri. Minofu imakula pang'onopang'ono, makamaka munthu akamadya mochepetsa. Amene angoyamba kumene kunyamula zitsulo, monga inu, ndi amene amapindula msanga, koma pa masabata 10 phindulo silingakhale lalikulu mokwanira kubisa mafuta onse amene achoka. Gawo lina limene likugwira sikelo yanu ndi madzi, ndipo apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pamene ambiri amasokonekera.

Minofu imene yayamba kugwira ntchito imaphunzira kusunga chakudya chake pafupi. Imasunga shuga m'njira imene madokotala amaitcha glycogen. Thupi la munthu wamkulu limasunga pafupifupi theka la kilogalamu ya glycogen, yambiri m'minofu ndipo ina m'chiwindi, ndipo galamu iliyonse imakoka madzi okwana pafupifupi magalamu atatu. Nkhokwe imeneyi ikakula chifukwa cha masewera, madzi nawonso amachuluka. Kuwonjezera apo, munthu akayamba kuyenda ndawala kapena kuthamanga kawirikawiri, madzi a m'magazi ake amawonjezeka kuti mtima uzipopa mosavuta ndiponso kuti thupi lizizizira bwino. Ndiye pali kuphwanya kwa thupi kuja mumamva tsiku lotsatira mukanyamula zitsulo. Kumeneko n'kuti minofu ikudzikonza, ndipo pamene ikudzikonza imasunga madzi kwa masiku angapo. Zonsezi ndi zolemera pa sikelo, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chili choipa. Onjezanipo chakudya cha mchere wambiri, kudzimbidwa, ndi masiku oyandikira kumwezi pamene amayi ambiri amamva thupi kutupikana, muona kuti nambala ya tsiku limodzi ndi yosadalirika.

Tiyerekeze chabe. Mutataya makilogalamu atatu a mafuta, n'kuwonjezera imodzi ya minofu ndi imodzi ya madzi, sikelo ingakuuzeni kuti mwatsika imodzi yokha. Ndi zomwe mukuonazi.

Tsopano za chiuno, zimene ine ndimaziona kuti n'zofunika kuposa kulemera. Mafuta a pamimba ali mitundu iwiri. Ena ali pansi pa khungu, aja mumatha kuwatsina ndi zala. Ena ali m'kati mwenimweni, akuta matumbo ndi chiwindi, ndipo simungawagwire. A m'katiwa ndi amene amayenda limodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Ubwino wake, ndi omwenso amamva msanga munthu akayamba masewera, ndipo amatha kuchepa ngakhale sikelo isanasunthe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kwa amayi chiopsezo chimayamba kukwera chiuno chikapitirira masentimita 80, ndipo chimakula kwambiri chikapitirira 88. Kwa abambo manambalawo ndi 94 ndi 102. Pali njira inanso yosavuta kukumbukira, imene bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain linayamba kulimbikitsa mu 2022: chiuno chisafike theka la msinkhu wanu. Inu ndinu wa masentimita 162, theka lake ndi 81. Munali pa 98, mwafika pa 91. Ulendo ukadalipo, sindikubisirani, koma mwa masentimita 17 amene munafunika kuchotsa, 7 apita kale pa masabata 10. Ine nditaona zimenezi mwa mayi amene ndikumuthandiza, sindingamuuze kuti asinthe kalikonse.

Ndakhala zaka zambiri ndikuchita masewera a m'mawa ndi amayi anzanga, ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: ambiri amasiya panthawi ngati yanuyi, mwezi wachiwiri kapena wachitatu, thupi litangoyamba kumvera. Mayi wina ndinamuona akukwera masitepe osapumira m'njira, pamene poyamba ankaima kawiri atagwira bondo. Mphete inali itayamba kumuvuka yokha. Koma poti sikelo inangotsika pang'ono, anati masewera sakumuyanja, n'kusiya. Ndimamukumbukirabe mpaka lero, ndipo ndi chifukwa chake kalata yanu ndaiyankha motalika chonchi.

Nanga alamu anuwo? Tiyeni tiwerengere limodzi, mwaulemu ndithu. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga mphamvu yokwana makalori pafupifupi 7,700. Makilogalamu 5 ndiye kuti 38,500. Kuti zimenezi zichoke pa masiku 14, munthu afunika kupereweza makalori 2,750 tsiku lililonse, zomwe n'zoposa mphamvu yonse imene amayi ambiri amagwiritsa ntchito tsiku lathunthu. Ngakhale akanasala kudya masiku onsewo, sizikanakwana. Choncho zambiri zimene zinachoka mwa iwo ndi madzi, za m'matumbo, ndi gawo lina la minofu. Matiyi ambiri ochepetsa thupi amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Amakupepukitsanidi, koma pokuchotsani madzi ndi michere ya m'thupi monga potaziyamu, imene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Munthu akangoyambiranso kudya ndi kumwa monga kale, madzi aja amabwerera. Minofu yokha ndi imene sibwerera msanga.

Chimene ndikupempheni ndi kusintha kayezedwe. Tepi nayonso imanama ikagwiritsidwa ntchito mosasamala, ndiye muziyeza mofanana nthawi zonse. Imani chilili m'mawa musanadye, pezani nthiti yomalizira ndi nsonga ya fupa la m'chiuno, tepi idutse pakatikati pa ziwirizi, pa khungu lenileni. Pumirani kunja monga mwa nthawi zonse, osabweza mimba m'kati, ndipo tepi ingogona pathupi osaluma. Kamodzi pa masabata awiri n'kokwanira. Yezaninso mbina ndi ntchafu imodzi, n'kulemba m'kabuku pamodzi ndi tsiku. Sikelo musaitaye, koma muziikwera m'mawa mutachoka kuchimbudzi, musanadye, mutavala zofanana, ndipo sikeloyo izikhala pansi polimba, osati pa kapeti. Poyerekeza, muziyerekeza mwezi ndi mwezi, sabata yofanana ya msambo wanu. Muzilembanso zimene thupi likutha kuchita: mtunda umene mumayenda pa mphindi 40 zija, ndi kulemera kwa zitsulo zimene mukunyamula.

Masewera anu ali bwino. WHO imalimbikitsa akuluakulu kuchita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera opumitsa wefuwefu pang'ono, ndi masiku awiri olimbitsa minofu. Inu muli pa mphindi 160 ndi masiku awiriwo. Zitsulo zikayamba kupepuka muziwonjezera pang'ono. Pa chakudya chilichonse pazikhala chomanga thupi ndi ndiwo zamasamba, ndipo tulo musamanyalanyaze, chifukwa munthu wosagona mokwanira njala imamuvuta kwambiri masana.

Zikadzachitika kuti tepi ndi sikelo zonse zaima mwezi wathunthu kapena kupitirira, pamenepo ndiye mudzaunikenso m'mbale. Nthawi zambiri pamakhala timafuta tophikira towonjezera, shuga wa mu tiyi, kapena kulawalawa pophika, zimene munthu saziwerengera ngati kudya. Koma mukadzaona mapazi kapena nkhope ikutupa, kupuma kukubanika mukagona, kapena kulemera kukukwera mofulumira pa masiku ochepa, musadikire magazini ino, pitani kuchipatala, chifukwa mtima ndi impso nazonso zimasungitsa madzi zikadwala. Ngati mukumwa mankhwala a nthawi yaitali, kapena mukutopa modabwitsa ndi kumva kuzizira anzanu ali bwinobwino, auzeni adokotala. Mankhwala ena amasintha kulemera kwa thupi, ndipo chithokomiro chikafooka chimachitanso chimodzimodzi. Musasiye mankhwala panokha.

Mudzandilemberenso pakatha masabata 6, ndi manambala a m'kabuku kaja.

FUNSO

Anti, ndine bambo wa zaka 45. Ndinagula lamba wotulutsa thukuta amene ndimamanga pamimba pothamanga, ndipo pamwamba ndimavala jekete yokhuthala. Ndikabwerako ndimapeza kuti ndatsika pafupifupi kilogalamu ndi theka, chiunonso chaphwa. Koma kukacha zonse zabwerera. Kodi ndizimanga tsiku lonse?

Bambo wothamanga

YANKHO

Ayi bambo, musatero, ndipo jeketeyo muivule. Kilogalamu ndi theka imene mumaitayayo ndi lita ndi theka ya madzi, ndipo imabwerera mukangomwa, monga mmene iyenera kubwererera. Thukuta ndi njira imene thupi limadziziziritsira, mulibe mafuta mmenemo. Mafuta akamapsa m'thupi, gawo lalikulu limatuluka ngati mpweya kudzera m'mapapo pamene mukupuma. Pa makilogalamu 10 a mafuta, opitirira 8 amatuluka motero, otsalawo ndi amene amasanduka madzi. Kuphwa kwa chiuno mukuonako n'kufinyika chabe, ngati mzere umene sokosi yothina imasiya pamwendo.

Kudzifunditsa pothamanga kumatenthetsa thupi mopitirira muyezo, kumakutopetsani msanga moti mumathamanga mtunda waufupi, ndipo kungakuchititseni chizungulire ngakhale kukomoka kumene. Valani zopepuka, imwani madzi, ndipo chiuno muziyeza m'mawa musanapite kothamanga, osati pobwerako. Pa zaka 45, ngati simunayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga chaka chino, kayezetseni, makamaka ngati tepi ikupitirira masentimita 94.