Akuti kiyibodi yanu ikumveka za kumowa

Achimwene ena andilembera imelo. Amaimba kiyibodi kutchalitchi kwawo, ndipo akhala akumvera chimbale cha Cyrus Chestnut, woimba piyano ya jazi wa ku America, chotchedwa Blessed Quietness. Atayesako makodi ena a mmenemo (manoti angapo olizidwa pamodzi) Lamulungu, akulu a mpingo anawauza kuti asiye, ati zikumveka za kumowa. Akufunsa ngati asiyedi.

Achimwene, mwanditosa pachilonda. Ine ndinaphunzirira pa kiyibodi ya mpingo, yakalekale, ya mabatani awiri akufa pakati, yomwe tinkaifunditsa chitenje kuopa fumbi. Tsiku lina pa nthawi ya chopereka ndinangowonjezera kanoti kamodzi ndi chala chaching'ono, kenaka dzanja lamanzere likuyenda pang'onopang'ono kutsika. Mkulu wina ananyamuka pabenchi lakutsogolo, kusesa kukhosi, kupita pakhoma, n'kuzula adaputala. Kwaya inapitiriza pakamwa, ine zala zili pa mabatani osalira. Potuluka anangoti, "Mwana iwe, kuno si ku Bwandilo." Mayi anga sanandilankhule mpaka madzulo, ndipo ndiwo za nkhuku tsiku limenelo ndinangoona msuzi.

Chomwe chimandipweteka mpaka pano n'chakuti mlanduwu ndi wakale, ndipo oweruza ake amaluza nthawi zonse. Thomas A. Dorsey, amene ku America amatchedwa tate wa nyimbo za gospel, anayamba ndi kuimbira piyano Ma Rainey, mayi wa blues, ndipo ankadziwika kuti Georgia Tom. Atalowetsa kaimbidwe kameneko m'nyimbo zauzimu, matchalitchi ambiri a ku Chicago anamukana. Pambuyo pake anakhala zaka zambirimbiri akutsogolera kwaya ku Pilgrim Baptist Church mumzinda womwewo. Lero zomwe ankamukanira zija ndiye "zauzimu zenizeni".

Ndipo ndinene poyera: chimene chikuwononga mapemphero kwathu kuno si jazi ayi. Ndi kabatani kaja kong'ambitsa ng'oma zokha, kophatikiza ndi transpose, kabatani kokweza kapena kutsitsa nyimbo zala zili pa mabatani omwewo. Mnyamata amadziwa makodi atatu mu kiyi imodzi, nyimbo iliyonse amaikokera momwemo, kaya ndi ya maliro kaya ya ukwati, sipika ili pamwamba mpaka agogo akumbuyo sakudzimva okha. Ameneyo palibe amamuzulira adaputala. Bwanji? Chifukwa makutu anazolowera basi. Za masipika a m'misonkhano ya usiku ija ndisayambe n'komwe, tingagone pano.

Za chimbalecho

Chestnut anabadwira ku Baltimore mu 1963. Piyano anamuyambitsa ndi bambo ake, ndipo asanakwanitse zaka 10 anali akuimba kale m'tchalitchi cha Baptist kwawoko. Jazi anakaiphunzira kukoleji ya nyimbo ya Berklee, ku Boston, kenaka anaimbira Betty Carter, mayi woimba jazi amene sankalola woimba piyano kumubwerezera zomwe makutu ake anamva kale. Blessed Quietness inatuluka mu 1996 pansi pa kampani ya Atlantic. Mulibe ng'oma, mulibe besi, mulibe mawu. Piyano yokha, kuimba nyimbo za m'buku, nyimbo zauzimu za akapolo akuda a ku America, ndi za Khirisimasi, zina mwa izo zomwe ifenso timaimba m'Chichewa.

Mverani bwino, achimwene, chifukwa ndikuganiza kuti mwatengamo theka. Munthuyu sataya nyimbo. Dzanja lamanja limaigwira pamwamba, yomveka, moti mukhoza kuitsatira ndi do-re-mi monga anatiphunzitsira kukwaya. Zokometsera zonse zili pansi, m'manoti apakati ndi m'dzanja lamanzere. Komanso amachedwa dala, amasiya mpata, pena kuima kaye ngati mlaliki wodikira "Amen". Izi amatha chifukwa ali yekha mu situdiyo, palibe mpingo womudikira. Inuyo kumbuyo kwanu kuli anthu ofuna kudziwa polowera ndi popumira. Mukawasokoneza pamenepo, akulu aja ali ndi mfundo, ngakhale aifotokoza molakwika. Koma mawu oti "za kumowa" ndiye ndikuwakana, makodi alibe chipembedzo, ndipo amene anaika makodi amenewa m'jazi ambiri anawatenga kutchalitchi komweko. Bobby Timmons, woimba piyano ya jazi, anali mwana wa m'busa ku Philadelphia. Abdullah Ibrahim wa ku Cape Town, nayenso wa piyano ya jazi, agogo ake aakazi ankaimba piyano m'tchalitchi cha African Methodist Episcopal (AME).

Tsono musasiye. Mpingo ukamaimba, sungani nyimbo pamwamba, sinthani kodi imodzi kapena ziwiri pa ndime, tsitsani voliyumu. Zambirizo zisungireni poyambira nyimbo ndi anthu akamatuluka. Ndipo chilichonse chatsopano muyambe mwamuimbira mtsogoleri wa kwaya pokonzekera Loweruka, kuti akulu akadzafunsa muziyankha muli awiri.