N'chifukwa chiyani ntchito zomanga malo opangira magetsi a dzuwa, mphepo ndi madzi zimaima panjira?

Mmodzi mwa owerenga, amene akuphunzira za uinjiniya, wandilembera pa imelo kufunsa kuti: ntchito zomanga malo opangira magetsi kuchokera ku dzuwa, mphepo ndi madzi zimalengezedwa kawirikawiri, koma zina zimatha pa nthawi yake, zina zimachedwa zaka zambiri, ndipo zina zimafera m'mazira, kodi chimene chimasiyanitsa ndi ndalama kapena luso la makina? Ndikuthokoza chifukwa cha funsoli. Yankho langa ndi lakuti masiku ano makina si amene amavuta kwambiri, ndipo ngakhale ndalamazo zimadikira kuti zinthu zitatu zikhazikike munthu asanakumbe dzenje loyamba: nthambo zonyamula magetsiwo, wowagula, ndi chilolezo chenicheni cha eni malo.

Ndiyamba ndi nthambo, chifukwa ndi zimene anthu ambiri saziganizira. Mapanelo a sola angathe kuikidwa m'chaka chimodzi, koma nthambo zikuluzikulu zimadutsa m'minda ndi m'malo a mabanja mazanamazana, ndipo banja lililonse liyenera kukambirana nalo ndi kulipatsa chipukuta misozi. Taonani zimene zinachitika ku Lake Turkana ku Kenya, kumene kuli makina 365 opukusa magetsi ndi mphepo, a mphamvu ya mamegawati 310. Makina onsewo anali ataimikidwa kale mu 2017, koma nthambo ya makilomita oposa 400 yochokera ku Loiyangalani kukafika ku Suswa inali isanathe, chifukwa kampani ya ku Spain yotchedwa Isolux Corsán, imene inapatsidwa ntchitoyo, inagwa pa chuma, komanso kulipira eni malo kunachedwa. Magetsi anayamba kuyenda chakumapeto kwa 2018. Kwa nthawi yoposa chaka makina okwera mtengo anangoima chilili, ndipo malinga ndi mgwirizano umene unasainidwa, dziko la Kenya linayenera kulipira magetsi amene sanafike m'nyumba ya munthu aliyense.

Vutoli si la maiko osauka okha. Ku Germany, nthambo ya SuedLink ya makilomita pafupifupi 700, yoti izinyamula magetsi a mphepo kuchokera kumpoto kupita ku mafakitale a kummwera, inayenera kutha mu 2022. Anthu atakana mapolo ataliatali pafupi ndi midzi yawo, boma linagamula mu 2015 kuti nthamboyo ikwiriridwe pansi, ndipo mapulani anajambulidwanso, zimene zinawonjezera zaka ndi ndalama.

Za wogula, muyenera kumvetsa kaye mmene ndalama zimayendera pa ntchito zoterezi. Dzuwa ndi mphepo sizigulidwa, choncho pafupifupi ndalama zonse zimalowa pachiyambi, pomanga, ndipo zambiri mwa izo ndi ngongole zobwezedwa kwa zaka 15 kapena 20. Banki siibwereketsa chifukwa chakuti mphepo ndi yamphamvu pamalopo. Imabwereketsa ikaona mgwirizano wolembedwa wakuti kampani yogawa magetsi idzagula magetsiwo pa mtengo wodziwika kwa zaka zonsezo, ndiponso ikakhutira kuti kampaniyo ili ndi mphamvu zolipira. Ku South Africa, ndondomeko yopikisana pa mitengo imene inayamba mu 2011 inayenda bwino kwa zaka zingapo, koma kuyambira mu 2016 Eskom, kampani ya boma yogawa magetsi, inakana kusaina migwirizano ndi makampani amene anali atapambana kale, ndipo ntchito 27 zinadikira mpaka mu Epulo 2018. Pamene ngongole ili m'madola koma magetsi akugulitsidwa m'ndalama ya dzikolo, kugwa mphamvu kwa ndalamayo nakonso kumatha kupha ntchito imene pa pepala inkaoneka yaphindu.

Chiwongola dzanja chimaluma kwambiri pa chifukwa chomwechi. Mu 2023 kampani ya Vattenfall inaimitsa ntchito ya magetsi a mphepo ya Norfolk Boreas ya pa nyanja ku United Kingdom, ponena kuti mitengo yomangira inakwera ndi pafupifupi 40 peresenti pamene mtengo wogulitsira magetsi unali utakhomeredwa kale. Chaka chomwecho kampani ya Ørsted inasiya ntchito ziwiri za Ocean Wind kufupi ndi New Jersey, itatchula chiwongola dzanja ndi kuchedwa kwa zipangizo. Boma nalo likasintha malamulo ntchito ili mkati, monga mmene Spain inachepetsera ndalama zimene inalonjeza opanga magetsi a dzuwa pakati pa 2010 ndi 2014, limadzipezera milandu yambiri, ndipo obwereketsa amayamba kuitanitsa chiwongola dzanja chokwera pa ntchito zotsatira.

Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya malo. Amene amajambula mapulani amaona dera la mphepo yambiri ngati thengo lopanda mwini, pamene kwa anthu okhala kumeneko ndi msipu wa ziweto zawo, njira ya kumadzi, kapena manda a makolo. Ntchito ya Kinangop ku Kenya, ya mamegawati 60, inali ndi ndalama ndiponso makina, koma inathetsedwa mu 2016 chifukwa cha mikangano ya malo ndi anthu a m'deralo. Ku Norway, khoti lalikulu linagamula mu Okutobala 2021 kuti zilolezo za malo awiri opangira magetsi a mphepo ku Fosen zinaphwanya ufulu wa Asami, mtundu wa anthu oweta mphalapala za kumeneko, ndipo apa n'kuti makinawo atamangidwa kale. Chaka chomwecho khoti la ku Meru ku Kenya linapeza kuti malo a ku Lake Turkana aja sanatengedwe motsatira malamulo. Ine ndimaona kuti kukambirana ndi eni malo si mwambo wongokwaniritsa kuti chikalata chidindidwe. Msonkhano umodzi woitanidwa zonse zitagamulidwa kale si kukambirana, ndipo anthu amazindikira msanga akamanyengedwa. Kampani imene imayamba msanga, n'kulola kusuntha makina ena kapena kugawana phindu ndi anthuwo, imataya miyezi pachiyambi koma imapewa kutaya zaka ku khoti.

Sindikunena kuti luso lanu la uinjiniya lilibe ntchito. Mphepo iyenera kuyezedwa pamalopo kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo pa madamu miyala ya pansi ndi imene imalamula. Pa damu la Hidroituango ku Colombia, ngalande yopatutsira mtsinje wa Cauca inagumuka mu 2018, anthu masauzande ambiri anasamutsidwa, ndipo magetsi oyamba anatuluka mu 2022.

Mukamawerenga nkhani yolengeza ntchito yatsopano, funsani kuti chimene chasainidwa n'chiyani. Kalata yongosonyeza kumvana pakati pa boma ndi kampani siimanga munthu aliyense, ndipo ntchito zambiri zimene mukuti zinaima panjira sizinadutsepo pamenepa. Chizindikiro chodalirika ndi tsiku limene mabanki avomera kutulutsa ndalama, chifukwa iwo sachita zimenezo asanaone zikalata za malo, zilolezo za zachilengedwe, mgwirizano wogulitsira magetsi, ndi pangano lonena tsiku limene nthambo idzafike komanso amene adzalipire ikachedwa.