Mbewu za hellebore sizikumera: mphikawo musautaye

Mayi wina wa ku Leeds wanditumizira imelo yodandaula. Akuti anagula kapaketi ka mbewu za hellebore, maluwa aja amene amamasula m'nyengo yachisanu ku UK mitengo yambiri itayoyola masamba. Anafesa mu Malichi, n'kuika mphika pawindo pafupi ndi hita, ndipo wakhala akuthirira osadumphitsa. Pano tili mu Julayi, mumphika muli zii. Funso lake n'lakuti: "Kodi anandigulitsa mbewu zakufa, kapena ndi manja angawa?"

Mayi, manja anu alibe mlandu. Chavuta n'chakuti mbewuyi mwaitenga ngati chimanga, chimene chikangopeza chinyezi ndi kutentha chimatuluka sabata isanathe. Njere ya hellebore ikamagwa pansi, kamoyo kam'kati mwake kamakhala kasanakhwime. Kamafuna kaye masabata osachepera 6 m'dothi lonyowa ndi lofunda kuti kakule, kenako miyezi iwiri kapena itatu ya kuzizira kwenikweni, cha m'ma digiri 4. Zikachitika motsatana chonchi m'pamene imamera, ndipo umayamba kutuluka ndi muzu, pansi pomwe inu simukuona. Kwawo kwa maluwawa n'kumapiri: Helleborus niger, mtundu wa maluwa oyera, amachokera cha ku mapiri a Alps ku Ulaya, pomwe Helleborus orientalis, kholo la mitundu yambiri yogulitsidwa m'manazale, ndi wa ku Greece, Turkey ndi Caucasus. Kumeneko njere zimagwa chilimwe chikamayamba, n'kumera chisanu chikafika pakati. Inuyo mwazipatsa gawo loyamba lokha.

Ndiye tulutsani mphikawo lero lomwe. Uikeni panja pamthunzi, kumbali ya nyumba kumene sikufika dzuwa lamasana. Thirani timiyala ting'onoting'ono pamwamba pa dothi kuti ndere zisayale, ndipo phimbani ndi kawaya, chifukwa mbewa zimafukula njerezi usiku umodzi wokha. Dothi likhale lonyowa koma losadikha madzi. Mvula, chisanu, sinowo, zonsezo zisiyeni zigwerepo. Muyambe kusuzumira cha mu Disembala mpaka Febuluwale. Mudzaona timasamba tiwiri tobiriwira titatukula timiyalato.

Komabe ndisakunamizeni: mbewu za m'paketi zimakhala zitauma kwa nthawi yaitali, ndipo njere ya hellebore ikauma imagona tulo tofa nato. Zina zidzamera chisanu chikubwerachi, zina chinacho, zina ayi ndithu. Ine ndimaona kuti kugula paketi m'sitolo mu Malichi n'kungotaya ndalama. Mbewu yabwino ndi yaiwisi. Ngati mnzanu wa kutchalitchi kapena woyandikana naye nyumba ali ndi hellebore, mupempheni. Mu Meyi kapena Juni timakoko ta pakati pa duwa timafufuma n'kuyamba kung'ambika, ndipo m'kati mumakhala njere zakuda, zonyezimira. Mangirirani kathumba kansalu kuduwako zisanatayike, chifukwa zikagwa nyerere zimatuta, kenako fesani sabata yomweyo. Pothyola valani magolovesi, popeza madzi a chomerachi amayabwa ndi kuwotcha nsonga za zala. Chomera chonsecho n'chapoizoni, choncho ana ndi agalu asamachitafune.

Mukamapempha mbewuzo, weramani muyang'anenso pansi pa chitsamba cha mnzanuyo. Nthawi zambiri pamakhala mbande zodzimerera zokha, ndipo mukazula ziwiri zitatu ndi dothi lake mwapulumutsa chaka chathunthu.

Mbande zikatulutsa tsamba lenileni loyamba, ziwokereni chilichonse mumphika wakewake wozama, pakuti mizu yake imalowa pansi ndipo sifuna kuvutitsidwa. Chenjerani ndi nkhono zopanda chigoba zija; m'munda wa kwanuko ku Yorkshire simungazisowe. Zikakula, zibzaleni pansi pa mtengo woyoyola masamba, kuti zizipeza mthunzi m'chilimwe ndi kuwala m'chisanu, m'dothi la manyowa owolerana bwino. Mukabzala mwabzala, musamazisunthesunthe.

Maluwa oyamba muwayembekeze pakatha zaka 2 kapena 3. Ndipo musadzadabwe: njuchi zimasakaniza mungu, motero njere ya duwa lofiirira ikhoza kubala loyera, lamawangamawanga, kapena lotuwa losaoneka bwino. Wofuna mtundu weniweni umene anauona amagula chomera chili ndi maluwa kale, kapena amagawa chitsa chachikulu.

Chitsamba chikakhazikika, ntchito yaikulu ndi imodzi pachaka. Cha mu Disembala kapena Januwale, mphukira za maluwa zikamatuluka, dulani masamba akale m'munsi mwenimweni. Amabisa maluwa, komanso ndi amene amasunga matenda a mawanga akuda. Masamba odwalawo musawaponye pa kompositi, atayeni m'bini ya zinyalala.