Khadi lachitsulo ndi chitseko cha lounge: yankho kwa mayi wa ku Indiana

Mayi wina wa ku Indiana anandilembera imelo sabata yatha ndi funso lalifupi. Banki yawakwezera ndalama ya pachaka ya khadi lawo la ngongole, pomwe amuna awo ndi ana awiri sakuloledwanso kulowa nawo ulere mu lounge, chipinda chapadera chopumuliramo apaulendo pa bwalo la ndege, ndipo akufuna kudziwa ngati n'koyenera kulisungabe khadilo. Mayi, imelo yanuyi yagona masiku asanu ndisanaiyankhe, chifukwa mwaponda pa bala limene ndinkati linapola kalekale.

Ine khadi lotere ndinalitenga mu 2017, ndipo banki yake sinditchula. Linafika m'kabokosi, lachitsulo, lolemera m'dzanja, ndipo ndikaliika patebulo linkalira ngati supuni yagwa m'mbale. Ndisaname, kulirako ndinkakukonda. Komabe ndinali ndi chifukwa chomveka cholitengera, chimene inunso mukuchidziwa, pakuti ulendo wopita kwathu si wamasewera. Munthu umadzuka kusanache, umakwera ndege yoyamba yokafikitsa ku Washington Dulles, kenako maola pafupifupi 13 uli m'mwamba mpaka ku Addis Ababa, n'kudikira pa Bole, n'kuwonjezeranso maola pafupifupi anayi kuti ukatere ku Lilongwe. Pa ulendo wotere mpando wofewa, tiyi wotentha, potchajira foni ndi bafa losambiramo zimaoneka ngati mankhwala.

Chimene chinandikopa kwambiri chinali chakudya. Nthawi imeneyo ukafika pa malesitilanti ena a m'bwalo la ndege unkangoonetsa khadi ndi tikiti, ndipo ankakuchotsera $28 pa bilu, ndi $28 inanso ya mlendo wako. Ulendo woyamba ine ndi mkazi wanga tinadya nsomba ndi mpunga, tinamwa zakumwa, ndipo lisiti itabwera panatsala ndalama zosakwana $2 zoti tilipire. Ndinaijambula lisitiyo n'kuitumiza pa WhatsApp kwa achimwene anga kumudzi ngati kuti ndawina mpikisano.

Patapita zaka, amayi anga anabwera kudzaona mdzukulu wawo wakhanda, anakhala nafe miyezi isanu, ndipo pobwerera ndinawaperekeza mpaka kwathu. Sabata yonse ndinkawatsimikizira kuti asavutike n'kukonza kamba wa panjira, chifukwa mwana wawo ali ndi khadi limene limatsegula zitseko. Titafika pa bwalo lina lalikulu ndinawatengera ku lesitilanti, tinaitanitsa nkhuku ndi mbatata, tinadya mosathamanga. Nditapereka khadi, mtsikana woperekera zakudya analiyesa pa kamakina kake kawiri, kenako anandiuza mwaulemu kuti makhadi ochokera ku banki yanga anasiya kulandiridwa m'malesitilanti. Bilu inali $71. Ndinalipira nkhope ili gwa, n'kuwauza amayi kuti palibe vuto, tikapuma ku lounge. Pachitseko cha lounge tinapeza chikwangwani chonena kuti mwadzaza, ndi mzere wa anthu pafupifupi makumi awiri, aliyense khadi lake lachitsulo lili m'manja ngati langa lomwe. Mnyamata wa pakhomo analemba nambala yanga ya foni n'kunena kuti anditumizira uthenga pakapezeka malo.

Tinakakhala pa geti. Amayi anayala chitenje pa mpando wolimba uja, anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa mtedza wokazinga umene anamanga m'kapulasitiki, ndipo apo ndinadziwa kuti malonjezo anga sanawakhulupirire kuyambira pachiyambi. Anandipatsa dzanja limodzi la mtedzawo, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga iwe, ndalama umati umalipira chaka chilichonse zija n'za chiyani?" Ndinayankha kuti, "Amayi, ndidzakufotokozerani tikafika." Uthenga wa ku lounge unalowa tili pa mzere wokwera ndege. Nditafufuza pambuyo pake ndinapeza kuti banki inandilembera za kusinthako miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo imeloyo inali pakati pa zikwi zina zimene sindinazitsegule. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndimauvomera.

Chimene ndikufuna muone, Mayi, n'chakuti zimene zakuchitikiranizi si ngozi ya banki imodzi. Makampani onse akuluakulu akuyenda njira yofanana, ndipo akhala akuiyenda kwa zaka. Mwayi wa $28 uja unkabwera kudzera mu Priority Pass, pulogalamu yolowetsa anthu m'malounge a m'mabwalo a ndege, imene inayamba mu 1992 ndipo eni ake ndi kampani ya Collinson ya ku London. American Express inachotsa malesitilanti pa makhadi ake mu Ogasiti 2019, Capital One inatsatira pa khadi la Venture X mu Januwale 2023, ndipo Chase inatseka khomo lomwelo pa Sapphire Reserve mu Julayi 2024. Za alendo nazo zinayenda chimodzimodzi. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2023, mwini khadi la Platinum la American Express akafuna kulowetsa mlendo wamkulu mu Centurion Lounge ya kampaniyo amalipira $50, mwana $30, pokhapokha atagula zinthu za $75,000 pa khadilo m'chaka chimodzi. Kampani ya ndege ya Delta inalengeza mu Sepitembala 2023 kuti eni Platinum azilowa mu lounge yake ya Sky Club kasanu ndi kamodzi kokha pachaka. Anthu anakwiya kwambiri moti mkulu wa kampaniyo, Ed Bastian, anavomereza poyera kuti anapyola muyeso, ndipo chiwerengerocho chinakwezedwa kufika pa 10. Ngakhale zinatero, malire anakhazikitsidwa ndithu kuyambira mu Febuluwale 2025. Capital One nayo inalengeza kuti kuyambira mu Febuluwale 2026 alendo a eni Venture X sadzalowanso ulere, ndipo yemwe ali ndi khadi lowonjezera pa akaunti ya mnzake adzafunika $125 pachaka kuti azilowa.

Pamene zabwinozo zikuchepa, mtengo ukukwera. Platinum inali $450, inafika pa $550 mu 2017, pa $695 mu 2021, ndipo mu Sepitembala 2025 inalumphira pa $895. Sapphire Reserve inayamba ndi $450 mu 2016, inakwera kufika pa $550 mu 2020, kenako $795 mu 2025.

Kumene ndalama za tiyi waulere zimachokera

Munthu aliyense akalowa mu lounge ndi Priority Pass ya ku banki, bankiyo imalipira. Ndalama zake zimachokera mbali zitatu: ndalama ya pachaka imene inu ndi ine timapereka, gawo limene eni masitolo amadulidwa nthawi iliyonse tikagula ndi khadi, ndi chiwongola dzanja cha anthu amene salipira ngongole yonse pakutha pa mwezi. Ku America gawo la eni masitolo limakhala pafupifupi madola awiri pa $100 iliyonse, ndipo pa makhadi apamwamba limaposa pamenepo. Ku Britain ndi m'mayiko a European Union malamulo a mu 2015 anaika malire a 0.3 peresenti pa makhadi ambiri a ngongole, ndipo n'chifukwa chake abale athu a ku London ndi Manchester sanazolowere zonona zochuluka ngati zathu kuno.

Dongosolo limeneli limayenda bwino pokhapokha ambiri olipira asamabwere kudzadya. Vuto linayamba pamene mabanki anayamba kulimbirana makasitomala ndi nyambo zikuluzikulu. Sapphire Reserve itatuluka mu Ogasiti 2016 ndi mphatso ya mapointi 100,000, anthu anaithamangira moti makhadi achitsulo anatha ndipo ena anayamba alandira apulasitiki. Mkulu wa JPMorgan Chase, eni ake a khadilo, Jamie Dimon, ananena kuti khadilo lidya phindu la bankiyo pakati pa $200 miliyoni ndi $300 miliyoni m'miyezi itatu yomaliza ya chakacho. Mabanki ena anatengera, makhadi anachuluka, mliri wa Covid utazilala anthu anabwerera m'ndege mwaunyinji, koma zipinda zija sizinakule mofanana ndi khamu. Bwalo la ndege si munda woti ungawonjezere mizere mmene wafunira. Malo ndi ochepa ndipo lendi yake ndi yodula.

Pa mfundo ya kuchepetsa anthu ndilibe nawo mlandu waukulu. Ndinaimapo pa mzere uja, ndipo ndikudziwa kuti chipinda chimene aliyense ali ndi kiyi wake chimasanduka chiphinjo. Chimene chimandipsetsa mtima, ndipo pamene ndikulemba pano mkwiyowo ukukula, ndi zimene amatipatsa m'malo mwa zimene atilanda. Anachotsa chakudya chimene munthu unkadya pa nthawi imene uli ndi njala, pamalo pamene uli kale, n'kubweretsa makuponi. Platinum yatsopano ili ndi $400 yodyera m'malesitilanti a pa Resy, kampani yosungitsira malo odyera imene American Express inagula mu 2019, koma ndalamayo amaigawa $100 pa miyezi itatu iliyonse, ndipo ukapanda kuigwiritsa ntchito imapsa. Sapphire Reserve ya Chase ili ndi $300 yodyera m'malesitilanti osankhidwa, $150 pa theka lililonse la chaka. Malesitilanti oterewa achuluka m'mizinda ikuluikulu monga New York, Chicago ndi Los Angeles, ndipo ndi malo oti munthu ukakhala ndi banja la anthu anayi $100 imathera pa zakudya zoyambirira zokha. Ndiye kuti kuti "upulumutse" $100 uyenera kuyendetsa galimoto maola awiri, kulipira poimika, n'kuwonjezera $150 ya m'thumba mwako pa chakudya chimene sukanachifuna n'komwe. Banki ikamalengeza kuti khadi lili ndi zabwino zokwana madola masauzande, imawerengera munthu amene adzakumbukira kuponi iliyonse mwezi uliwonse, ndipo imadziwa bwino lomwe kuti ambiri a ife tidzaiwala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Malire a $75,000 aja nawo amanena poyera amene akufunidwa m'chipindamo. Ambiri a ife kuno timagwira ntchito za unamwino, zosamalira okalamba, zauphunzitsi kapena za m'mafakitale, ndipo gawo lalikulu la ndalama zathu limapita ku lendi, ku ngongole ya nyumba ndi kumudzi. Ndalama zotumiza kumudzi sitizidutsitsa pa khadi la ngongole, chifukwa kawirikawiri banki imaziwerengera ngati watapa ndalama, chiwongola dzanja n'kuyamba tsiku lomwelo. Munthu wabizinesi amene amakwera ndege yekha kawiri pamwezi ndiye amene malamulo atsopanowa amukomera, chifukwa mzere wafupika ndipo mlendo alibe. Ife amene timayenda kamodzi pachaka, koma ndi ana, masutikesi asanu ndi atatu ndi agogo, ndife amene tachotsedwa mwaulemu. Ndinayesapo kukhala ndi makhadi awiri kuti limodzi likakanidwa lina ligwire ntchito, ndipo chaka chimenecho ndinalipira kawiri n'kulowa mu lounge katatu kokha, mapanga awiri n'kundivumbwitsa.

Yankho lanu tsopano, Mayi. Tengani pepala muwerenge maulendo amene munalowadi mu lounge m'miyezi 12 yapitayi, osati amene mukuyembekeza kudzayenda. Ngati khadi lanu likutsata mitengo ya Centurion, kulowa kamodzi ndi amuna anu ndi ana awiri ndi $110, kupita ndi kubwera $220, pamwamba pa ndalama ya pachaka, ndipo $110 imadyetsa anthu anayi pa lesitilanti wamba ya m'bwalo popanda mzere. Pa makuponi werengani okhawo a zinthu zimene mukanagula ngakhale khadilo kulibe. Zonsezo zikapanda kufika pa ndalama imene akukulipiritsani, lisiyeni. Koma musalitseke kaye. Imbirani banki muwapemphe kuti alisinthe likhale khadi lotsika mtengo kapena laulere la banki yomweyo, kuti mbiri yanu ya ngongole isafupike ndipo mapointi asapse. Mabanki ambiri amabweza ndalama ya pachaka ngati mwachita zimenezi m'masiku pafupifupi 30 chilembereni ndalamayo pa akaunti, choncho onani tsiku limene inalembedwa.

Ine ndinachita zomwezo nditangobwerako koperekeza amayi. Anandipatsa khadi lapulasitiki lopanda ndalama ya pachaka, ndipo popeza lachitsulo silidulika ndi sizasi, ananditumizira envelopu yoti ndilibwezeremo. Envelopuyo ikadali m'dilowa. Khadilo ndinaliika m'galimoto, ndipo m'mawa wa miyezi yozizira ndimapalira madzi oundana pagalasi lakutsogolo.