Chithunzi cha kandideti pakhomo la golosale: yankho kwa mayi wa ku Chibavi

Mayi wina wa golosale ku Chibavi mu mzinda wa Mzuzu watilembera imelo. Ali ndi antchito atatu ndipo amapikulitsa shuga, sopo ndi mafuta ophikira kwa eni maokala. Akuti pali munthu amene akumufunitsitsa pa mpando wa pulezidenti, moti akuganiza zomata chithunzi chake pakhomo la shopu ndi kumamuchemerera pa WhatsApp imene amalandirirapo maoda. Akufunsa ngati n'zololedwa komanso ngati sizingamuphere malonda.

Mayi, kumbali ya malamulo musade nkhawa. Gawo 40 la malamulo aakulu a dziko lino likupatsa munthu aliyense ufulu wolowa chipani ndi kuchichitira kampeni, ndipo gawo 35 likuteteza ufulu wolankhula zakukhosi. Kukhala ndi laisensi ya khonsolo ya mzinda wa Mzuzu sikukulandani ufuluwu. Koma mukatifunsa maganizo, tikuti chemererani munthu wanuyo m'dzina lanu, ndi ndalama zanu, pa nthawi yanu, shopuyo muisiye pambali.

Taganizirani amene amaima pa kauntala yanu. Mzuzu si mzinda wa chipani chimodzi. Mu 1994 chigawo cha kumpoto chinavotera Chakufwa Chihana wa AFORD pafupifupi chonse, koma kuchokera pamenepo mavoti akuno akhala akusamukasamuka, ndipo nyumba imodzi imatha kukhala ndi nsalu za zipani zitatu pachingwe choyanikira. Onjezanipo ana asukulu a ku Mzuni ochokera m'maboma onse, anamwino a pa chipatala cha Central, asilikali a ku Moyale ndi aphunzitsi. Ambiri mwa awa ndi ogwira ntchito m'boma, amene sayenera kuoneka akupanga ndale. Mphunzitsi sangakuuzeni kuti chithunzicho chamunyansa. Amangoyamba kugula shopu yoyandikana nayo, inu n'kumati mwina malipiro achedwa.

Phindu la golosale n'lochepa pa chinthu chilichonse, limadalira anthu obwerabwera. Wa okala amene amapikula mabelo awiri a shuga sabata iliyonse akakuchokerani, anzanu a chipani khumi obwera kudzakuyamikirani n'kugula botolo limodzi la Fanta sangatseke dzenje limenelo. Ndipo oyamikirawo ndi amenenso amayamba kunena kuti "tilembeni m'kabuku, si ndife amodzi?"

Pa nkhani ya ngongoleyi tichedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Mukadziwika kuti ndinu wa chipani, akuluakulu a m'dera amabwera msonkhano ukayandikira ku Katoto: makatoni a madzi, zakumwa, mpunga wophikira amayi ovina, n'kumati ndalama ikubwera kuchokera ku likulu. Ndalamayo kawirikawiri siifika, ndipo amene anatenga katunduyo amati iye anangotumidwa. Chipani chikagonja mulibe womugwira, chikapambana mafoni sayankhidwa. Lamulo lanu likhale limodzi kwa zipani zonse: ndalama patsogolo, lisiti lilembedwe m'dzina la munthu amene waima pamaso panu. Ndipo gulitsani kwa onse. Wovala nsalu ya tambala, wa chimanga, aliyense, mtengo ndi womwewo.

Ngati mukufuna kuthandiza ndi ndalama, yambani mwadzilipira nokha. Tapani m'bizinesi ndalama imene mwaikonzera, ilembeni m'buku kuti mwini wake watenga, kenako muitumize kuchokera pa nambala yanu ya Airtel Money kapena Mpamba, osati ya shopu. Musailembe ngati yogwiritsa ntchito pa bizinesi, a MRA akadzaona mabuku mudzasowa chonena. Ikhale ndalama yoti itapita osabwerera, oda ya mwezi wamawa siisokonekera. Dziwaninso kuti lamulo la zipani la 2018 limafuna kuti chipani chiulule kwa mlembi wa zipani thandizo loyambira K1 miliyoni lochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni lochokera ku kampani kapena bungwe. Mukafika pamenepo musayembekeze kuti zikhala zachinsinsi.

Lamulo lomweli linaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Nsalu, malaya ndi zipewa za kampeni sizili m'gulu loletsedwalo, koma sopo ndi shuga ndi nkhani ina. Choncho maganizo oti "amene wavala nsalu yathu lero ndimuchotsera mtengo" kapena kugawa mchere m'dzina la kandideti, asiyeni.

Antchito anu atatuwo ali ndi ufulu womwe muli nawo inu. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusala kapena kuchotsa wantchito chifukwa cha maganizo ake pa ndale. Musawaveke malaya a chipani ngati yunifomu, musatseke shopu n'kuwakweza lole kupita ku msonkhano, musawafunse amene adzamuvotere. Mtsikana wa pa kauntala sangakane pamaso panu popeza malipiro ali m'manja mwanu, koma ndi iye amene adzalandire mawu a makasitomala tsiku lonse. Chabwino n'kugwirizana kuti pantchito palibe wovala za chipani, kuyambira inuyo, ndipo tsiku lovota aliyense apatsidwe mpata wokaponya voti.

Za WhatsApp n'zosavuta. Nambala ya maoda ikhale ya mitengo ndi katundu watsopano basi. Anthu anaisunga kuti adziwe ngati mafuta afika, ndipo akaona ndale m'mawa uliwonse amasiya kutsegula sitetasi yanu, mitengo yomweyo osaionanso. Maganizo anu lembani pa Facebook yanu kapena nambala ina. Nenani chimene mukumufunira munthuyo, monga za mafuta agalimoto, ndalama zakunja, misonkho kapena msewu wa ku Karonga, m'malo monyoza mnzake. Kalembedwe kotere ngakhale wa chipani china amakupirirani. Za mitundu ndi zigawo musakhudze n'komwe. Musatumizenso mavoisi ndi zithunzi zimene simukudziwa gwero lake: lamulo la za pa intaneti la 2016 lagwiritsidwapo kale ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba zawo. Kampeni imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti kuvota kuyambe, ndiye nanunso lekerani pomwepo.

Chotsala ndi khoma lenilenilo. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, mwini wake ali ndi mawu pa zomatidwa kapena utoto, mufunseni. Kumbukiraninso 2019: chisankho cha pa 21 May chitatsutsidwa, zionetsero zinatenga miyezi, kuno ku Mzuzu mashopu ena anaswedwa, mpaka khoti linafafaniza zotsatira pa 3 February 2020 ndipo anthu anavotanso pa 23 June. Gulu likalusa silifunsa zambiri, limaona mtundu wa utoto. Nsalu mumavula mukachoka ku msonkhano, koma shopu imagona pamsewu usiku wonse. Sabata yolengeza zotsatira musadzaze mashelefu, ndalama za tsiku muzikasungitsa ku banki kapena pa foni dzuwa lisanalowe, ndipo ngati muli ndi inshulansi funsani ngati imalipira katundu woonongeka pa zipolowe, chifukwa si mapepala onse amene amaphatikiza zimenezo.